Windo la madola 4,800

Uthenga unalowa pa WhatsApp cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, nthawi imene kwawoko amakhala akukonzekera kupita ku ntchito ya usiku. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo chilowereni changa ku yunivesite akhala akunditumizira madola 200 mwezi ndi mwezi. Ndalama imeneyi ndiyo lendi yanga ku Chikanda, ndiyo ufa ndi makala, ndiyo bandulo, ndiyonso imakwirira dzenje la fizi pamene bambo alekezera. Uthengawo unali waufupi: "Mwanangu, chaka chamawa zinthu zivutako. Ndikufuna kumalizitsa basement. Ukadzuka undiimbire."

Tulo tinathera pomwepo. Ndisakunamizeni, ndinakwiya. M'mutu mwanga basement inali chipinda cha m'mafilimu chija, cha TV yaikulu ngati chitseko, mipando yofewa ndi kafiriji ka zakumwa pakona. Ndinadzifunsa kuti zoona munthu angadule chakudya cha mwana wa mlongo wake chifukwa chofuna malo oonerako mpira? Papita miyezi isanu tsopano, ndipo ndikulemba izi nditasintha maganizo, ngakhale kusinthako kwandidyera ndalama zenizeni. Mfundo yanga ndi yakuti pa bajeti yomalizira chipinda chimene mudzagone munthu, ndalama zoyamba zipite ku zinthu zosaoneka pa chithunzi, ndipo zimenezo sizidulidwa ngakhale wolira atakhala m'bale wako. Pa nkhani iyi wolirayo ndinali ine.

Ndiyambe ndafotokoza chinthucho, poti ambirife sitinachionepo ndi maso. Kumpoto kwa America ndi ku Canada nthaka imaundana nyengo yozizira. Madzi akaundana amafufuma, ndiye dothi lonyowa limatukuka n'kukankha chilichonse chokhala pamwamba pake, kenako likasungunuka limabwerera pansi. Maziko osaya sachedwa kung'aluka. N'chifukwa chake malamulo a zomangamanga kumeneko amati maziko azikumbidwa kupitirira pamene chisanu chimalekezera, ndipo kumpoto kwa Indiana pamenepo ndi pafupifupi mita imodzi. Womanga akakumba kale mita yathunthu kuzungulira nyumba yonse, kupitiriza pang'ono n'kuchotsa dothi la pakati sikuwonjezera ndalama zambiri, koma mwini nyumba amapeza malo aakulu ngati nyumba ya pamwambayo. Imeneyo ndiyo basement: nyumba ya pansi pa nyumba. Ku Florida, kumene kulibe chisanu ndipo ukakumba pang'ono wapeza madzi, nyumba zambiri zilibe.

Nyumba zakalekale ngati ya azakhali zimagulidwa basement yake ili yosamaliza. Pansi ndi simenti, makoma ndi konkire yopanda pulasitala, m'mwamba mukuoneka matabwa, mapaipi ndi mawaya. M'menemo mumakhala makina otenthetsera nyumba, thanki ya madzi otentha, makina ochapira, ndi makatoni a zinthu zimene munthu sakuzifuna koma akuopa kutaya. Kumaliza ndiye kuimika matabwa m'mbali mwa makoma, kulowetsa zotchinga kuzizira, kukhoma mabolodi oyera aja amawatcha drywall, kuika siling'i, kuyala pansi, kukoka magetsi, ndipo ngati ndalama zilipo kuikamo bafa ndi chimbudzi.

Nditawaimbira m'mawa uja ndinamva chifukwa chake, ndipo manyazi anandigwira. Azakhali ali ndi zaka 54. Amagwira ntchito yosamalira okalamba, kuwanyamula, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi usiku wonse. Msana wayamba kukana. Ngongole ya nyumba ikadali ndi zaka zambiri kuti ithe. Akufuna chipinda chimodzi chogona ndi bafa pansipo kuti aikemo munthu wa lendi, makamaka wophunzira, poti dera limenelo lili ndi University of Notre Dame ndi Indiana University South Bend. Lendiyo ndiyo idzawalole kusiya mashifiti awiri pa sabata. TV yaikulu ija inali m'mutu mwanga mokha.

Kenako ananditumizira chithunzi cha pepala. Anachita kulemba pamanja, ndi cholembera cha buluu, mizere yowongoka ngati ya mwana wa sukulu ya mishoni. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuona bajeti ya munthu amene amandipatsa ndalama. Zonse pamodzi zinakwana madola 28,000, ndipo pansi pake anawonjezera 15 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi, madola 4,200. Iwo anali ndi madola 25,000, zosunga ndi ngongole ya ku banki kuphatikiza. Ndiye panali dzenje la madola 7,200.

Chimene chinandidabwitsa si kukula kwa ndalamayo ayi, koma kumene ikupita. Mizere itatu yoyambirira inali ya zinthu zimene mlendo atalowa m'chipindamo sangaziyamikire. Woyamba unali wa madzi, madola 6,500. Wachiwiri unali wa windo limodzi, madola 4,800. Wachitatu unali wa mpweya wina umene ndinali ndisanaumvepo, pamodzi ndi chilolezo cha ku khonsolo. Penti, magetsi okongola ndi matailosi zinali kumunsi kwenikweni.

Ndinafunsa kuti, "Azakhali, windo lanji la madola 4,800? Ndi lagolide?" Anaseka, kenako anakhala chete pang'ono. Ndiye anati: "Pali mnyamata wina wodziwa ntchito, wati atha kupanga zonse popanda chilolezo, windo osalikhudza, za mpweyazo osazilabadira. Timawindo ting'onoting'ono tam'mwamba tilipo kale, kuwala kumalowa. Tikatero dzenje latsekeka, ndipo ndalama zako sizisintha. Ukuona bwanji?"

Werengani nokha. Madola 4,800 mukawagawa ndi 200 ndi miyezi 24. Windo limodzi linali ndalama yanga ya zaka ziwiri zathunthu, ndendende zaka zimene zanditsalira kuti ndimalize digiri. Ndinawauza kuti ndiganize kaye, ndipo masiku atatu otsatira ndinatha bandulo ndikuwerenga za mawindo a pansi pa nthaka m'malo mowerenga za mayeso. Chimene ndinkafunafuna chinali chifukwa chovomerera.

Sindinachipeze. Malamulo amene madera ambiri a ku America amatsatira, otchedwa International Residential Code, amati chipinda chilichonse chogona cha mu basement chikhale ndi potulukira pake pa ngozi. Windolo likatsegulidwa mpata wake usachepere 5.7 sikweya fiti, umene ndi pafupifupi theka la sikweya mita. M'lifupi lisachepere mainchesi 20, m'litali lisachepere mainchesi 24, ndipo lisakhale pamwamba kupitirira mainchesi 44 kuchokera pansi. Lizitseguka kuchokera m'kati popanda kiyi kapena chida chilichonse. Manambala amenewa ali ndi munthu m'kati mwake: ndi mpata woti munthu wamkulu atulukirepo, komanso woti wozimitsa moto wovala zida zake alowerepo. Poti chipindacho chili pansi pa nthaka, kuika windo lotere ndi kucheka khoma la konkire ndi makina, kukumba dzenje kunja kwake, kulimanga m'mbali kuti dothi lisagumukire, ndi kulipatsa ngalande yake kuti mvula isasandutse dzenjelo chitsime. Ndiko kumene madola aja akupita.

Tsono ganizirani basement yopanda windo limeneli. Njira yotulukira ndi imodzi, masitepe okwera kupita m'nyumba, ndipo nthawi zambiri amatulukira pafupi ndi khitchini, kumene moto umakonda kuyambira. Makina otenthetsera nyumba, amene ambiri amayendera gasi, ali pansi pomwepo, kuseri kwa khoma la wogonayo. Utsi ukadzaza masitepe, kapena madzi akamatsika pa masitepe omwewo ndi mphamvu yokankha chitseko, munthu uja alibe kolowera.

Izi si zongoganizira. Usiku wa pa 1 September 2021, mvula yotsalira ya namondwe Ida inagwa mumzinda wa New York, ndipo pa Central Park anayeza mamilimita pafupifupi 80 mu ola limodzi lokha. Anthu 13 anamwalira mumzindawo, ndipo 11 mwa iwo anafera m'zipinda za basement, ambiri m'dera la Queens. Ambiri anali obwera ochokera kumayiko ena, ndipo mmodzi anali mwana wa zaka 2. Zambiri mwa zipindazo zinali zosavomerezeka, zomalizidwa mwakabisira ngati mmene mnyamata uja amafunira kuchitira. Eni nyumba ambiri otere si zigawenga ayi. Ndi anthu onga azakhali, obwera nawonso, ofinyidwa ndi ngongole, amene tsiku lina anakhala pansi ndi pepala n'kufufuta mzere umodzi.

Chaka chatha m'kalasi tinaonera filimu ya ku South Korea ija, Parasite ya Bong Joon-ho, imene banja losauka limakhala m'chipinda cholowa theka pansi pa nthaka ndipo mvula imawamiza katundu yense. Tinalemba masamba ambirimbiri za tanthauzo la kumwamba ndi pansi, za masitepe ngati chizindikiro cha kusiyana kwa olemera ndi osauka. Ine ndinakhoza bwino ndithu. Koma palibe mmodzi mwa ife anafunsa kuti kodi mwini nyumbayo anasiya kugula chiyani kuti madzi alowe chotero. Mu August 2022 anthu atatu a banja limodzi anamira m'chipinda chenicheni chotere mumzinda wa Seoul. Ife a maphunziro a za umunthu timatha kuona chizindikiro pamene pakufunika pampu, ndipo ndikudzinena ndekha poyamba.

Nkhani ya madzi ndiyo inandiphunzitsa kuti pa bajeti, ndondomeko ya mizere ndi yofunika kuposa chiwerengero cha pansi. Basement ndi dzenje, ndipo madzi onse a m'dothi lozungulira amafuna kulowamo. Konkire imaoneka yolimba koma imayamwa chinyezi. Azakhali anamata pulasitiki pansi ndi tepi kwa masiku awiri, ndipo atamatula anapeza kunsi kwake kuli madontho. Mankhwala ake ndi kudula kangalande m'mbali mwa makoma m'kati, kuyalamo paipi yobowolabowola ndi miyala yophwanya, n'kulozetsa madzi onse ku kadzenje ka pakona kumene kumakhala pampu yowatulutsa kunja. Kumeneko amaitcha sump pump, ndipo yawo anailembera ndi batire, chifukwa mvula yamkuntho imene imabweretsa madzi ndi yomweyo imathimitsa magetsi. South Bend si malo ongoyerekeza za madzi: mu February 2018 mtsinje wa St. Joseph unasefukira ndipo madzi analowa m'nyumba zambiri, azakhali ali komweko.

Ukayamba ndi kukongoletsa n'kusiya madzi kuti udzaone mtsogolo, walipira kawiri. Drywall ili ndi pepala kunja kwake, ndipo ikanyowa imachita chuku kuseri kumene diso silifika. Kutsogolo penti ikuwala, kuseri kwada bii, wogonamo akutsokomola osadziwa chifukwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pofuna kukonza, uyenera kugumula khoma lomwe unalipira lija. Ndipo inshulansi sikupulumutsa: ya nyumba wamba ku America silipira za kusefukira kwa madzi, ndipo ya boma yoona za madzi osefukira, ikafika pa basement, imalipira zinthu monga makina otenthetsera ndi pampu koma osati kapeti, mipando kapena katundu wa wogonamo.

Mpweya uja dzina lake ndi radon. Umachokera m'nthaka ndi m'miyala momwe muli uranium, ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo umalowa m'ming'alu ya simenti n'kuunjikana m'chipinda chotsikitsitsa cha nyumba. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, limati ndi wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo limayerekeza kuti umapha anthu pafupifupi 21,000 pa chaka m'dzikomo. Limalangiza kukonza nyumba ngati muyeso wafika pa 4 picocuries pa lita. Kuyeza n'kotchipa, kabokosi kongosiya m'chipinda masiku angapo n'kukatumiza ku labu. Kukonza kwake ndi paipi yoboola simenti ya pansi ndi kafani kokoka mpweyawo kukautayira pamwamba pa denga. Kwa azakhali muyeso unapitirira pang'ono. Pamene basement inali malo ochapira, munthu ankakhalamo mphindi makumi awiri. Ikasanduka chipinda, wina azipuma mpweya umenewo maola asanu ndi atatu usiku uliwonse, chaka chonse.

Ndinamufotokozera zonsezi mnzanga wina amene amaphunzira za chuma, ndipo anandiseka. Iye anati ndikuchita ufilosofe ndi ndalama ya lendi. Mfundo zake zinali ziwiri, ndipo sindikuzipeputsa. Yoyamba: anthu miyandamiyanda amagona m'zipinda zosavomerezeka usiku uliwonse ndipo kumacha ali bwinobwino, mwayi woti moto ubuke m'nyumba ya azakhali ndi wochepa, pamene mwayi woti ine ndigone ndi njala ndi wotsimikizika. Yachiwiri: lamulo lililonse lowonjezera limakweza lendi. Chipinda chovomerezeka ndi chodula, ndipo wophunzira wosauka amene ndikuti ndikumuteteza ndi amene sadzachikwanitsa. Adzapita kukagona m'basement ina yoipa kuposa.

Yachiwiriyi ndi yoona, ndipo ndi vuto limene ngakhale mizinda yolemera yalephera kulimasula. Mu 2019 mzinda wa New York unayesa kuthandiza eni nyumba a dera la East New York kuti zipinda zawo za pansi zikhale zovomerezeka, koma mtengo wokonzera unakwera kwambiri moti ndi nyumba zochepa zedi zimene zinapita patsogolo. Ndikuvomereza kuti ena mwa malamulowo akhoza kufewetsedwa. Lamulo loti siling'i isatsike kupitirira mafiti 7, mwachitsanzo, lingakambidwe. Munthu safa chifukwa denga latsika ndi mainchesi awiri. Koma kunena kuti malamulo ena ndi owonjeza sikutanthauza kuti onse ndi ofanana. Pa pepala la azakhali panali mizere imene ikadulidwa chipinda chimangochepa kukongola, ndi mizere imene ikadulidwa chipinda chimasanduka msampha. Luso lonse la bajeti ndi kusiyanitsa mitundu iwiriyi.

Pa mfundo yoyamba ija yankho langa ndi ili: funso si kukula kwa ngozi kokha, komanso kuti akuisenza ndani ndipo anafunsidwa kapena ayi. Pa foni paja tinali anthu awiri, azakhali ndi ine, ndipo tonse tikanapindula windo likanadulidwa. Munthu wachitatu, amene akanalipira tsiku la tsoka, panalibe. Sitikumudziwa dzina. Mwina ndi mtsikana wochokera ku Nepal, ku Ghana kapena ku Mzimba, amene adzafike ndi sutikesi imodzi, n'kuona penti yoyera ndi lendi yotsika, n'kuthokoza Mulungu. Sadzafunsa za mainchesi 44 chifukwa sadzadziwa kuti pali funso lotero. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine mwambi umenewu ndakhala ndikuutchula nthawi zonse pamene ukundikomera, pamene mwana wa mnzakeyo ndine.

Ndikudziwa kuti sadzafunsa chifukwa inenso sindinafunse. Usiku wachitatu ndinazimitsa foni n'kuyang'ana chipinda changa. Chitseko ndi chimodzi. Windo ndi limodzi, ndipo lili ndi zitsulo zotchinga akuba zowotcherera ku felemu, zoti ngakhale mphaka wonenepa sangadutse. Pakhonde timatseka geti yachitsulo ndi loko usiku, ndipo kiyi amasunga amene wabwera momalizira. Magetsi akazima tonse timayatsa makandulo, ndipo kukazizira mu June ena amalowetsa mbaula m'chipinda. Ndakhalamo zaka ziwiri. Tsiku limene ndinabwera kudzaona chipindachi ndinafunsa za madzi, za mtunda wopita ku kalasi, ndi ngati alandilodi amalola alendo. Zitsulo zija ndinaziona ngati ubwino wa nyumbayo.

Mzere wina umene mnyamata uja amati ungochotsedwa ndi wa 15 peresenti, ndipo apa azakhali sanafune n'komwe kumva maganizo anga. Anangoti, "Sindikufuna nyumba ya achimwene." Ndinaseka mopweteka, chifukwa nyumba ya achimwene awoyo ndi kwathu ku Machinjiri. Bambo anayamba kumanga mu 2013. Anawerengera njerwa, simenti ya maziko, matabwa ndi malata, ndipo masamu awo anali olondola mpaka denga. Mu 2016 tinalowamo ndi mawu odziwika aja akuti tidzamaliza tili momwemo. Lero zipinda ziwiri zilibe pulasitala, siling'i ili pabalaza pokha, ndipo mawaya a ku bafa akadali opiringizidwa pakhoma kudikira giza imene sinabwere. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ulendo uliwonse ndalama ya matailosi imene mayi ankasunga inkasanduka ya theka la matailosiwo.

Bambo si munthu wosasamala. Anachita zimene pafupifupi aliyense amachita: anaika bajeti pa chigoba cha nyumba, n'kuganiza kuti kumaliza ndi tizinthu ting'onoting'ono. Komatu tizinthuto ndi timene timadya ndalama, chifukwa ndi tambiri, timafuna amisiri osiyanasiyana, ndipo tambiri timachokera kunja. Ndipo nyumba yakale ili ndi zinsinsi zake. Ukatsegula khoma umapeza waya wakale wofunika kusintha, paipi yodontha, mng'alu umene unabisika kuseri kwa makatoni. Ndalama ya zogwa mwadzidzidzi si ndalama yotsala ayi. Ndi mtengo wa zinthu zimene zilipo kale koma sunazione. Amene amaichotsa pa pepala sanachepetse mtengo wa ntchito, wangosankha kudzadzidzimuka. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu nyumba yosamaliza timagonamo ndithu, pamene basement yosiyidwa pakati singalowe wa lendi, koma banki ikufuna zake mwezi uliwonse.

Pali china chimene chinandiwawa kuposa masamu. Zaka ziwiri ndakhala ndikulandira madola 200, ndipo sindinafunsepo kuti amachokera pa mzere uti. Ambiri a ife amene tili ndi m'bale kunja timamudziwa ndi tsiku limene amatumiza. Akachedwa timati wayamba kunyada, akachepetsa timati waiwala kwawo. Timadziwa mtengo wa dola pa msika wa mseri kuposa mmene timadziwira maola amene munthuyo wagona sabata imeneyo. Azakhali anali okonzeka kuika mlendo m'chipinda chopanda pothawira, ndi kudziika okha pa mlandu ngati zitadziwika, osati chifukwa cha dyera koma chifukwa choopa mawu a kumudzi akuti anasiya mwana wa mlongo wawo pa njira. Mantha amenewo tinawapatsa ndife. Ndikukhulupirira kuti m'zipinda zambiri zoopsa za ku Queens, za ku Toronto kapena za ku London muli ndalama ya windo imene inapita pa Western Union kukalipira fizi ya winawake.

Ndinawaimbira Lamlungu masana. Ndinati, "Azakhali, ikani windolo. Tengani chilolezo, abwere adzayendere." Anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa chimene ndikunena. Kenako tinakhala pa foni ola lathunthu tikudula pepala lija kuyambira kumunsi. Kakhitchini kamene amafuna kuika pansipo kanachoka, wa lendiyo aziphikira m'mwamba. Matailosi a ku bafa anasanduka a mtengo wotsika. Penti ndi kuyala pansi ati achita okha ndi anzawo a kutchalitchi. Ndalama yanga inatsika kuchoka pa madola 200 kufika pa 80 kwa miyezi 12. Zotsalazo ati atenga mashifiti owonjezera, ndi msana womwe uja, ndipo pamenepo ndilibe chonyadira.

Sindikufuna kudzionetsa ngati woyera. Mwezi wa February unali wautali kwambiri. Ndinayamba kuphunzitsa ana awiri a Fomu 4 Chingerezi madzulo, ndinasiya kugula nyama, ndipo pali masiku amene ndimawerengera kuti windo lija likanakhala mbale zingati za nsima ndi nyemba. Za fizi ya semesita ikubwerayi bambo ati tiona, ndipo mawu amenewo ndimawadziwa kuchokera ku siling'i ya kwathu.

Sabata yatha, nthaka itasungunuka, anabwera anthu ndi makina awo n'kucheka khoma. Azakhali ananditumizira vidiyo. Aima m'chipinda chopanda kanthu, fumbi la konkire lili mbuu, atsegula windo ndi dzanja limodzi, aponda pa mpando, n'kutulukira m'dzenje la kunjalo chokwawa, mayi wa zaka 54, maondo ali matope okhaokha, akuseka mpaka kutsokomola. "Waona, mwanangu? Ndakwanamo!" Ndinaionera katatu ngakhale bandulo inali yoti indifikitse kumapeto kwa mwezi.

M'mawa mwake ndinapita kwa alandilodi kukafunsa ngati zitsulo za pa windo langa zingadulidwe mbali imodzi n'kuikidwa mahinjesi ndi kachitsulo kotsekera m'kati. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati akuba akalowa ndisadzawadandaulire, ndipo ngati ndikufuna ndilipire ndekha wowotcherera. Ndinakamufunsa wa pa msika uja. Mtengo wake ndi wofanana ndi lendi yanga ya mwezi umodzi, ndipo ndamuuza kuti ndibwera ana a Fomu 4 aja akandilipira.